Mswachi wa Pazenera

Moto utazima ku fakitale ya matiresi, panatsala matupi awiri osazindikirika. Onse anali atapserera, ndipo onse anavala nsapato zofanana za kuntchito. Limodzi mwa matupiwo linali la mwamuna wa telala wa mumsewu wathu.

Telalayo anapita kumotchale ndi apongozi ake aakazi. Mayi wokalambayo atangoona thupi lalitali, anafuula.

"Ndi uyu! Mwana wanga ndi wamtali. Tipatseni tikaike."

Koma pabenchi panja panali mayi wina, maso ali psuu, nayenso akuti mwamuna wake anali wamtali.

Dokotala anawakhazika pansi. "Amayi, apa maso akhoza kutinamiza. Tiyeze DNA. M'malovu, m'tsitsi ndi m'mafupa a munthu aliyense muli chizindikiro chakechake, ndipo mwana amachitengera kwa makolo. Tingopukuta m'kamwa mwanu ndi kathonje, n'kuyerekeza ndi matupiwa."

"Ndinabereka ndekha, lero andiuze ndi makina?" Apongozi anakana kwamtuwagalu, ndipo anabwerera chimanjamanja.

Kunyumba telala anayamba kuchapa. Malaya, mapilo, thaulo, zonse za mwamuna wake analowetsa m'beseni, poti manja akakhala chete mtima umawawa kwambiri. Anali atatambasula dzanja kuti atenge mswachi pazenera la kubafa pamene nesi woyandikana naye nyumba analowa.

"Asisi, umenewo musautsuke! Ndi wa bambo?"

"Ndi wawo. Tsiku lililonse ndinkawakalipira kuti amauika pafumbi. Samamva anthu aja." Anaseka pang'ono, kenako analira.

"Kusamva kwawoko kwatithandiza," anatero nesi. "Malovu awo akadali pamenepo. Musakhudze kumutuko. Tiuike mu envelopu yapepala, tikapereke kupolisi."

Kudikira kunali kowawa. Achibale anadandaula kuti maliro akuchedwa, ena mpaka anabwerera kwawo. Apongozi anasiya kumulankhula mpongozi wawo.

Zotsatira zitabwera, dokotala anaitana mabanja onse awiri. Thupi lalitali lija linali la mwamuna wa mayi wa pabenchi. Mwamuna wa telala anali winayo, amene moto unamupinda mpaka kuoneka wamfupi, yemwe amayi ake omwe anamudutsa osamuyang'ana kawiri.

Apongozi anaimirira. Kenako anagwira dzanja la telala.

"Mwana wanga, ndikanakhala ndikulira pamanda a mwana wa eni, wanga ali kwina. Undikhululukire."

Mwamuna wa telala anamuika m'manda ake, dzina lake lili pamwamba.

Ngozi ikawononga nkhope ya m'bale wanu, musathamangire kutenga thupi poona msinkhu kapena chovala. Lolani kuyezedwa DNA, sikupweteka. Mswachi, chipeso kapena lezala la malemu musatsuke, musataye. Kanthu kakang'ono kotero n'kamene kanabwezera mayi uja mwana wake.