Mbaula M'bogi ya Malasha

Bambo Lameck anakalambira pa njanji ku Limbe, ndiye atapita kukacheza kwa mwana wawo Vainess ku South Bend, zonyezimira za Amereka sizinawagwire mtima. Chinawagwira ndi chibogi cha sitima chakalekale chimene mwininyumba anaika kuseri n'kumasungiramo makasu. Kale chinkanyamula malasha oumba ngati tinjerwa, ndipo m'makona munali mutatsalira ena. Mkuluyo ankachisisita ngati ng'ombe yake.

Tsiku lina Vainess anali kutali, ku Indianapolis, ku maphunziro a anamwino. Misewu yonse inali itakwiririka ndi chipale. Masana foni inalira.

"Magetsi athima kuno," anatero bambo ake mokondwa. "Koma usadandaule. Ndapanga mbaula ndi chitini cha penti. Tili m'bogi ndi Shalom, kutentha bwinobwino."

Shalom anali mwana wa Vainess, wa zaka zinayi. Mantha anamugwira mayiyo.

"Chitseko mwasiya chotsekula, Ababa?"

"Kuzizira konseku? Ndatseka, m'ming'alu ndatsekamo masaka. Malashawa ndi abwino, alibe ndi utsi womwe."

Ku Limbe ankaothadi mbaula m'nyumba, koma mphepo inkalowa m'mawindo osweka. M'chitsulo chotsekedwa, mpweya wa malasha umapha mwakachetechete. Vainess anali atawaonapo anthu otere kuchipatala. Komatu mwana woleredwa bwino salamula bambo ake, ndiye anayamba n'kuzungulira.

"Mwina mukanatsekulako pang'ono, ngati n'kotheka."

"Iwe, malasha ndinayamba kugwira usanabadwe. Wa-graduate liti udokotala?" Anaseka, koma kuseka kwake kunali kolemera.

"Mundipatseko Shalom ndimulankhule."

"Wagona. Amadandaula mutu, ndiye ndamufunditsa. Mwana wofatsa ameneyu." Mawu anayamba kukokeka. "Inenso kaya n'tulo tanji..."

Vainess anatsomphola foni ya mnzake Evelina n'kuitana ambulansi. A ambulansiwo anamuuza kuti akubwera, koma chipale chiwachedwetsa. Ku khutu linalo kunali zii.

"Ababa? Ababa!"

Ulemu wonse wa pa mawondo unamuthera pomwepo, pakati pa azungu odabwa.

"Lameck! Dzuka iwe! Tsekula chitsekocho, unyamule mwana wanga!"

Kenako anamva mawu ofooka, a munthu wokhumudwa kwambiri.

"Mwano umenewu wakuphunzitsa ndani?"

Foni ya mkuluyo inagwa pa chitsulo, ndipo Vainess anamva chitseko cha bogi chikutseguka.