Makina Opanda Singano

Mzime anatsika basi dzuwa lili pamutu, ndipo yobwerera inali kunyamuka folo koloko. Kufakitale ya sopo kumene ankagwira ntchito anamupatsa tsiku limodzi lokha. Pa maola ochepawo ankafuna chinthu chimodzi: amayi ake amuyang'ane n'kumudziwa.

Panali patatha zaka ziwiri mutu wa amayiwo chiyambireni kutaya zinthu. Unayamba ndi makiyi, kenako masiku, kenako anthu. Ulendo wapitawo Mzime anabwera ndi zithunzi n'kumaloza nkhope imodziimodzi ngati mphunzitsi wa ana ang'onoang'ono, mpaka amayi analira, iye n'kukwera basi mtima uli bii. Lero zithunzizo zinalinso m'chikwama, atawonjezeramo zina.

Mlamu wake, mkazi wa achimwene ake, ndiye ankasamala amayiwo. Anamulandira pakhomo manja ali thovu lokhalokha.

"Alamu, mwawapeza ali pantchito. Lero shopu yatsegulidwa."

"Shopu iti?"

"Lowani mukaone. Koma chonde musakawatsutse. Inu mukawatsutsa mumakwera basi, otsala nawo ndife."

Kuchipinda makina osokera ankalira pang'onopang'ono. Amayi anakhala telala zaka makumi atatu, ndipo zimene mutu unaiwala phazi linkazikumbukirabe. Singano mlamu anaichotsa kalekale amayi atadzibaya chala, choncho katani yakale yotuwa inkangodutsa pamakinapo n'kutulukira kuseri ili momwemo. Dzuwa linalowera pawindo n'kugona pabedi. Fumbi linkayandama m'kuwalako ngati laiwala kogwera.

"Amayi," anatero Mzime.

"Takulandirani, mayi. Diresi kapena siketi?"

Mzime anapisa dzanja m'chikwama. "Amayi, ndine..."

"Chikwamacho ikani pansi, sichithawa. Imani apa powala. Tambasulani manja."

Mawu amenewo Mzime sanawakanepo chibadwire. Anangozindikira waima pakati pa chipinda, manja ali tambalale. Amayi anachotsa tepi m'khosi n'kuyamba. Zala zawo zinali zouma, zofunda. Zinayenda kuchokera paphewa mpaka pachigongono, zinatsata msana fupa ndi fupa, zinanyamula tsitsi la m'khosi kuti tepi ikhale bwino. Manambala sankalemba, monga kale lomwe. Ankanena kamodzi mokweza, akuyang'ana kudenga. Mzime anayesa kukumbukira kuti munthu anamugwira liti mosathamanga chonchi. Sanakumbukire.

Pofika m'chiuno amayi analowetsa zala ziwiri kunsi kwa tepi.

"Zala ziwirizi ndi zaulere. Munthu amakhuta, amanenepa, amatenga pathupi."

"Pathupi pa msinkhu wanga uno?"

"Ndasokerapo ambiri olankhula choncho. Onse anabweranso kuti ndiwakulitsire."

Kukhitchini mlamu anatsokomola chitsokomolo chosonyeza kuti wamva.

Amayi anabwerera m'mbuyo pang'ono, maso atatsinzinira mbali imodzi. "Phewa lanu lamanzere ndi lotsika. Ngati la mwana wanga wotsiriza."

Mzime anayang'ana pansi. Chikwama chinali pafupi ndi phazi lake. Koma amayi anali atagwira kale katani ija n'kumuponyera paphewa, nkhope yawo ili mbee, yopanda mantha aja a ulendo wapita.

"Ali kuti mwanayo?" anafunsa Mzime motsitsa mawu.

"Kutali uko. Sabwerabwera. Akabweranso, mafunso okhaokha ngati wapolisi. Uyu ndani, uyu ndani. Ine ndinaba chiyani?"

"Mwano umenewo."

"Musanene, mayi. Anatengera bambo ake. Ali wamng'ono ankadya mabatani anga. Atatu ofiira, a malaya a kasitomala. Tinadikira masiku awiri kuti atuluke."

"Munawasokereranso pamalayapo?"

"Nanga ndikanatani? Mwini wake amavalabe mpaka pano."

Mzime anaseka mpaka katani inatsetsereka. Nkhani imeneyi anali asanaimvepo. Amayi anamumenya pang'ono pamkono kuti aime bwino, n'kuyamba kupana nsaluyo ndi zopanira zovala pachingwe, poti mapini nawonso mlamu anabisa.

"Koma khosi lake mwanayo," anapitiriza, chopanira china chili pakamwa. "Mutamuveka thumba la simenti anthu akhoza kufunsa kuti wasoka ndani. Amuna ake anamuthawa, koma limenelo ndi tsoka la maso awo."

Kenako anayamba kufotokoza diresilo. Katani yotuwayo iwo ankaiona yobiriwira, yokhala ndi timbalame tating'onoting'ono touluka chokwera. Idzafika kunsi kwa mawondo. Idzakhala ndi matumba awiri akuya, oti munthu n'kubisamo manja anthu akamamulankhula zopusa. M'munsi idzatambasuka kuti mphepo izipeza poseweretsa. Mzime anatseka maso. Kuwala kunafiira m'zikope mwake. Anamva nsalu yobiriwirayo ikumukhudza m'miyendo, akuyenda mumsewu wautali wopanda basi, timbalame tija tikukwera kuchokera m'mawondo, kudutsa m'chiuno, mpaka tina kutulukira pakolala. Penapake patali pompi inkadontha. Amayi ankang'ung'udza nyimbo yopanda mawu, mpweya wawo ukumufika pakhosi.

"Diresili ndinene kuti ndi la ndani?"

Mzime anatsegula maso. Amayi ankamuyang'ana molunjika, akudikira dzina. Akanalitchula, mwina chinachake chikanatseguka. Mwinanso nkhope ija ikanakwinyika, shopu n'kutsekedwa.

"Mungoti la mayi wa phewa lotsika."

"Zoona. Sindingakusokonezeni ndi wina."

Mlamu anasuzumira pakhomo akupukuta manja. Anaona munthu wamkulu wa ana awiri ataima m'katani, zopanira zili ngundangunda mpaka m'khwapa, ndipo analuma mlomo kuti asaseke.

"Alamu, nthawi ya basi ijatu yakwana. Mutsalira."

"Ndamva. Sitinagwirizane za manja a diresi."

"Aafupi," anatero amayi, akukweza mkono wa Mzime kuti auone powala. "Mikono ngati iyi sitibisa. Musagwedezeke."

Mzime sanagwedezeke.