Dzanja la Sharifa

Blasius anavutika zaka ziwiri kuti dzanja la Sharifa lifumbatuke. Mtsikanayo anabadwa zala zitafumbata, miyendo ili yolobodoka, ndipo ntchito ya Blasius pasukulu ina ya kwa Nsamala inali yokhala pambali pake m'kalasi. Ankamuwongola chala chimodzichimodzi, n'kumumangirira pensulo ndi kachingwe ka mphira. Mmene mvula inkadula chimanga chisanabereke, Sharifa anali atayamba kulemba dzina lake.

Chaka chimenecho ana ankapita kusukulu potsata phala. Amayi ophika ataona kuti ena akubwera ndi makapu a abale awo otsala kunyumba, anaika lamulo lakuti kapu isathiridwe phala mwini wake asakuoneka. Ankagawa dzuwa likungotuluka. Koma njinga ya olumala ya Sharifa inkatitimira mumchenga, ndipo Blasius, amene ankakamutenga kwawo, mphamvu zokankhira zinali zitamuchepera ndi njala, moti ankafika mochedwa.

Lolemba lina Blasius anaima pamzere ndi kapu ya mwanayo asanakamutenge.

"Aphunzitsi, mwabwerera sitandade wani?" anatero mayi Dalesi, mkulu wa ophikawo, anzawo n'kuseka.

"Iyayi, mayi. Ndi ya mwana wa panjinga uja."

"Tikumudziwa. Koma tikakupatsani inu, mawa aliyense abwera ndi kapu ya wodwala wake. Kamutengeni."

Blasius anapita kukamutenga, ndipo pobwera anapeza mphika atautsuka kale. Zinatero mpaka Lachinayi.

Lachisanu anapeza a Lukiya, mayi ake a Sharifa, akumanga katundu. Ankapita ku Phalula kwa mlongo wawo.

"Kumsewu anthu a m'basi amaponyako kanthu akaona mwana wotere," anatero a Lukiya, maso ali pansi.

"Akulemba tsopano, mayi. Mundipatse sabata imodzi ndikalankhule ndi ahedi."

"Sabatayo munali nayo, aphunzitsi. Kuyambira Lamlungu wangodya therere."

Patapita mwezi, minibasi imene Blasius anakwera inaima pa Phalula. Pakati pa ogulitsa masawu panali njinga ija. Sharifa anali atatambasulira dzanja kumawindo, zala zonse zisanu zili zowongoka bwinobwino monga anamuphunzitsira.

Blasius anapisa m'thumba. Munali kachingwe ka mphira kaja basi. Anawerama kuti mwanayo asamuone, mpaka minibasi inanyamuka.