Mafunso a Dzanja Lamanzere

Ana ankawatchula kuti Anti a Bokosi, ndipo iwo ankalikonda dzinalo kuposa lawo lenileni. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi anagwira ntchito m'kabungwe kophunzitsa achinyamata za matupi awo: kutha msinkhu, mimba, matenda opatsirana pogonana, zonse zija makolo amayamba kutsokomola akafunsidwa. Ofesi yawo inali kachipinda kamodzi kuseri kwa sitolo ya matayala, moyang'anana ndi geti la sukulu. Munali mipando yapulasitiki, bolodi, ndi fani yomwe inkangopukusa mutu osatulutsa mphepo.

Koma ntchito yeniyeni inali panja. Pakhoma, pambali pa mpopi, panakhomedwa bokosi lamatabwa lokhala ndi kaboo pamwamba ndi loko kutsogolo. Mwana ankawerama ngati akumwa madzi, n'kuponyamo kapepala. Lachisanu lililonse masana Anti ankatsegula bokosilo, n'kumawerenga mafunso mokweza ndi kuyankha, wofunsayo ali phee pakati pa anzake.

Poyamba bokosilo linkangokhala gwaa, lopanda kanthu. Ana si opusa, ankadziwa kuti zilembo zimamuulula munthu. Ndiye Anti anaika lamulo: dzina ayi, kalasi ayi, ndipo aliyense azilemba ndi dzanja lamanzere. Wamanzere alembe ndi lamanja. Sabata yotsatira bokosi linadzaza ndi zilembo zokhotakhota ngati papalasa nkhuku. Tisanamizane, nzeru imeneyi Anti ankainyadira. Ngakhale anthu akunja amene ankapereka thandizo ku bungweli atabwera, analijambula bokosilo mbali zonse n'kuliika pachikuto cha lipoti lawo.

Anthu omwewo ndi amene anadzatumiza kalata. Sinanene kuti thandizo latha, ayi, amenewo sanena zinthu mosapita m'mbali. Inati "akuwunikanso", ndipo pamene akuwunikapo ntchito zonse ziime: osasonkhanitsa ana, osatsegula ofesi. Bwana wa bungwe, bambo wa mtima wabwino koma wamantha, anatolera makiyi onse, ndi kakiyi ka bokosi komwe.

"Ndi sabata imodzi yokha, mayi," anatero bwanayo. "Tikaphwanya lamulo lawo ndiye kuti tawapatsa chifukwa."

"Nanga bokosi, bwana?"

"Bokosi silithawa."

Sabata imodziyo inabala zinzake. Lachisanu linadutsa kanayi Anti ali kunyumba, akusesa posesa kale. Akanatha kutenga hamala n'kukaswa lokoyo, ndipo anaganizapo kawiri konse. Koma ankaopa kuti ntchito ya anthu asanu ndi awiri ingafere m'manja mwawo, choncho anakhala pansi n'kumadikira ngati ena onse.

Lolemba lina bwana anaimba foni. Mawu ake anali otsika ngati akupepesa maliro. Bungwe latsekedwa, lole ibwera Lachitatu kudzatenga katundu, Anti abwere adzalongedze.

Anti anapita tsiku lomwelo n'kulandira makiyi kwa bwana. Asanakhudze mpando ndi umodzi womwe, anatsegula bokosi n'kukhala pa tayala lakutha, timapepala tili pamiyendo. Ena anali mafunso a nthawi zonse. "Anti, kodi munthu akalumpha katatu akatha, mimba imalowabe?" "Ziphuphu zimatha ukapeza chibwenzi, zoona?" Anti anaseka okha, misozi ili m'maso. Kenako anapeza timapepala titatu tong'ambidwa m'kope la masamu, topindidwa mofanana, tolembedwa ndi pensulo.

Koyamba kanali pansi penipeni. "Anti, munati pali mankhwala omwa asanathe masiku atatu munthu akakugwirira. Amapezeka kuti? Akandifunsa dzina la munthuyo ndinene? Ndi wa panyumba pathu."

Kachiwiri: "Anti, simunabwere. Masiku atatu aja adutsa. Nanga pano nditani?"

Kachitatu kanali pamwamba, kanali kasanachite fumbi. "Mwezi uno sindinaone. Mnzanga akuti pali mayi wina amathandiza kunyumba kwake. Ndidikira Lachisanu limodzi lokha."

 Anti anatembenuza timapepalato, anatiyang'ana padzuwa, anatinunkhiza kumene. Panalibe dzina, panalibe kalasi. Mwanayo anatsatira lamulo lonse osaphonya.

Anathamangira kusukulu. Aphunzitsi aakulu, mayi wa magalasi okhuthala, anawerenga mwakachetechete n'kuusa moyo.

"Atsikana ndili nawo mazana anayi, mayi. Ndiitane uti?"

"Mwina aphunzitsi a masamu angazindikire zilembozi."

"Izi? Izi ngakhale mayi ake omubereka sangazidziwe. Munawaphunzitsa bwino."

Mawu amenewo anawalasa Anti pamtima, chikhalirecho mayiwo sananene mwachipongwe. Anti anapempha kuti alankhule kwa ana onse m'mawa akafola, mphindi ziwiri zokha. Aphunzitsi aakulu anavula magalasi n'kumawapukuta nthawi yaitali.

"Kalata yokulolani kulankhula ndi ana inatha pamodzi ndi bungwe lanu. Makolo ena sankakufunani n'kale. Ndikakuimikani pamzere n'kunena zimenezi, mawa ndine wopanda ntchito ngati inu. Ndiuza aphunzitsi aakazi akhale tcheru."

Anti anabwerera ku mpopi. Anatenga pepala lalikulu lomaliza mu ofesi muja n'kulemba ndi zilembo zonenepa: "Iwe unafunsa za masiku atatu, usapite kwa mayi uja. Si iwe wolakwa. Ndili pano tsiku lililonse. Ukaopa ine, pita kuchipatala ukaonane ndi namwino." Analimata pamwamba pa mpopi, n'kukhala pa tayala lija.

Anakhala Lachiwiri lonse. Atsikana ankadutsa m'magulumagulu, akupereka moni, ena akuwerenga pepalalo n'kumagwedezana. Anti ankayang'ana nkhope iliyonse mpaka ana anayamba kuchita manyazi n'kumadzera mbali ina ya msewu. Aliyense ankaoneka ngati ndi iyeyo: uyu wachete uyu, uyo woseka kwambiri uyo.

Lachitatu lole inabwera. Atatha kukweza mipando, dalaivala anatulutsa chomasulira n'kulunjika pa bokosi.

"Achimwene, limenelo lisiyeni, chonde. Ndi matabwa chabe."

"Lili ndi nambala, mayi, onani pambalipa. Chilichonse cha nambala chikwere. Ndikalisiya akati ndagulitsa."

Pakhoma panatsala maboo anayi ndi malo oyera pomwe dzuwa silinkafika.

Lachisanu Anti anafika m'mawa, koma wina anali atawatsogolera. Kuseri kwa paipi ya mpopi kunali kapepala kopanikizidwa, kong'ambidwa m'kope la masamu. Anakatambasula n'kuwerenga.

"Anti, ndawerenga. Koma ndikabwera pomwe mwakhalapo onse andiona. Ndinapita kale kwa mayi uja Lachitatu. Magazi akutuluka kwambiri ndipo ndikumva kuzizira. Kodi zimasiya zokha? Muyankhe Lachisanu."

Zilembozo zinali zokhota kuposa kale, mzere womaliza ukutsetsereka mpaka m'mphepete mwa pepala. Anti sanathe kudziwa ngati linali dzanja lamanzere chabe kapena kutentha kwa thupi.

Belu la nthawi yopuma linalira. Ana anatuluka m'makalasi ali wowowo, n'kudzaza bwalo. Anti anawoloka msewu osayang'ana galimoto, anagwira zitsulo za geti ndi manja onse awiri, n'kukuwa ndi mawu amene sankadziwa kuti ali nawo.

"Sizisiya zokha! Ukundimva? Sizisiya zokha! Pita kuchipatala lero, pompano! Amene ali ndi mnzake akudwala kunyumba, amutengere kuchipatala!"

Anyamata anaseka chikhakhali. Wa matayala anatulukira pakhomo la sitolo yake, spanala ili m'manja. "Anti, ntchito yatha ndiye mwayamba ulaliki?" Mlonda wa sukulu ankabwera chothamanga, akuwakupiza ndi dzanja kuti achoke.

Atsikana okha ndi amene sanaseke. Mazana anayi aja anaima chilili, maso pansi, ndipo palibe anasuntha kapena kuyang'ana mnzake. Anti anawaphunzitsa okha kuti funso la m'bokosi likamayankhidwa, aliyense akhale ngati si lake.