Nyanga ya Sajeni

Keziah Chama anazolowera nyanga zopanda mwini. Pa famu ya ng'ombe ya kuseri kwa Chelstone, kumene mwamuna wake Andrew amayang'anira makola, ng'ombe ikaphedwa nyanga amangozitaya. Iye amatola, kuwiritsa, kucheka, kupala mpaka ziwale, n'kupanga ndolo ndi zibangili zokagulitsa ku Kabwata. Ina ikasweka, amangotola ina.

Koma iyi inali ndi mwini, ndipo inali imodzi yokha. Inali ya Sajeni, ng'ombe yolimira ya malemu bambo Killian, mkulu wa ku Katete amene anakalambira m'tauni koma khasu osalisiya. Ankaisungitsa pafamupo. Nyanga inayo inathyoka kalekale, ndipo Sajeni anaphedwa pa maliro a mbuye wake. Tsopano Annette, mwana wa malemuyo, ankafuna chibangili choti avale tsiku lovundukula chiliza. Anabwera nayo atakulunga m'chitenge ngati khanda, nanena kuti asaikongoletse ndi mikanda, ikhale nyanga basi.

Vuto linali kutsinde. Ndi pokhapo pamene panali potakata moti dzanja n'kulowa, koma pomwepo panali mzere wakuya, wakuda, wozungulira nyanga yonse. Keziah atauona mtima unamuthawa. Chinthu chokhala ndi chipsera chotere sichinatulukepo m'manja mwake, ndipo anthu a ku Woodlands, kumene Annette amakhala, amayang'ana katundu ngati akusankha mpunga.

Anayamba kupala. Tupa ikadya pang'ono, iye n'kuima, n'kukweza nyanga padzuwa kuona ngati yayamba mng'alu. Mzerewo unkazimirira mwaulesi, nyanga nayo n'kumapyapyala. Ankaopa kwambiri. Ikathetheka akanena chiyani? Sajeni wina akamutenga kuti? Andrew anamuseka kuti nyanga yamulanda mkazi, nati angoisiya momwemo, poti mwini wake sanadandaule za mzere. Keziah anamuyankha kuti za ng'ombe zamoyo azidziwa iye, zakufa amusiyire. Galu wa pafamu, amene tsiku lina anangonunkhiza pabenchi, analawa patapata.

Tsiku limene mzere unatha, chibangili chinali chopyapyala moti kuwala kumadutsa, chofiirira ngati uchi. Sanapangepo chokongola chotere. Komabe m'minibasi yopita m'tauni anachifumbata pachifuwa, akutukwana chamumtima kondakitala aliyense womukankha, ndipo pokwera ya ku Woodlands anatsegulanso kansalu kuti aone ngati chikadali chamoyo.

Annette anamulandira pakhonde, namupatsa mpando ndi madzi ozizira. Anatenga chibangili, nachiyamikira kuti n'chosalala. Keziah anapuma, mapewa n'kutsika. Kenaka anaona chala cha Annette chikuyenda m'mbali mwa chibangili, kuzungulira, kubwerera, kuzunguliranso. Annette anachitembenuza, nayang'ana mkati.

"Ba Keziah," anatero motsitsa mawu, "nanga paja penze kupita nthambo pali kuti?"

Keziah anafunsa kuti nthambo iti, chingwe chiti, ngakhale anali atadziwa kale.

"Batate benze kumanga pamene paja, zaka zonse. Nthambo ndiye inadya nyanga. Nikali mwana benze kuniika manja apo ati gwila, Sajeni sangakuchite kanthu."

Annette sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa, Keziah akanapeza poyankhira, poti pakamwa pake sipachedwa. Koma Annette anangovala chibangilicho, nathokoza, nati ntchito ndi yabwino, chala chikadafunafunabe.

Keziah anachita manyazi ndi chisoni chimene sanachimvepo pa ntchito yake. Anayang'ana manja ake ali pamiyendo. M'zikhadabo munali mukadali fumbi lakuda la mzere uja, limene sopo analephera kuchotsa m'mawa. Anapinda zala kuti Annette asalione.