Galasi la Achimwene

A Vincent Kalinde atabwerera kwawo ku Nchema mu 2003, katundu wawo anali sutikesi, wailesi ndi galasi lalitali lodziyang'anira, lokulunga m'bulangeti. Anali atagwira ntchito ya m'nyumba kwa amwenye ena ku Limbe kuyambira ali mnyamata, mpaka kudwaladwala kunawachotsetsa. Akazi awo anali atamwalira kale. Anafikira kwa mlongo wawo wamng'ono, Easter, amene anawapatsa chipinda chakumapeto, chokhacho chimene chinali ndi zenera la magalasi.

Miyezi ikupita, a Vincent ankangotheratu. Kutsekula m'mimba, chifuwa, kenako zilonda m'kamwa. Easter akatchula za chipatala cha ku Nguludi, ankakana. "Ndi malungo awa, ndimawadziwa. Mvula ikatha ndidzuka."

Galasi lija linali loyedzamira khoma, moyang'anana ndi bedi. Easter sankafuna kuti achimwene ake azidziona mmene anathera, koma kulichotsa sakanatha, akanamufunsa. Ndiye Loweruka lililonse akamasesa m'chipindamo ankalipaka sopo wambiri ndi kansanza, nkulisiya liume lokha. Linkatsala mbuu, mizere yokhayokha, munthu nkumangoona chithunzithunzi chake.

Tsiku lina m'mawa a Vincent anamuitana.

"Easter, galasi ili umapukuta ndiwe?"

"Ndine, achimwene."

"Kumene ndinkagwira kuja akanakuthamangitsa tsiku lomwelo. Ndikufuna ndimete ndevu. Tunga madzi oyera m'beseni. Mandimu alipo?"

"Alipo kuseri. Koma ndevuzo ndikumetani ndine, musavutike."

"Tunga madziwo."

Anakatunga. A Vincent anadzikoka nkutsamira khoma, nkuyamba kumulangiza ndi mawu osasa. Afinyire mandimu awiri m'madzimo, popeza viniga panalibe. Sopo ayi, ndiye amasiya mizere. Kansanza kaja akataye, atenge chitenje chakale chochapa, chosathothoka. Easter anabwera ndi nyuzipepala imene anakulungira nsomba ku Namadzi, iwo anaikana, ati ili ndi mafuta. Anamuuza atenge imene inayalidwa pansi pa sutikesi.

"Yamba zenera, muno muwale. Fulumira dzuwa lisanafikepo, chifukwa likawomba madzi amauma usanapukute."

Easter ananyowetsa nsalu, kuifinya, nkuyamba pamwamba kutsika. Kenako anakwinya nyuzipepala nkupukuta madzi asanaume. A Vincent anamuuza kuti m'kati apukute chopingasa, kunja chotsitsa, kuti mzere ukatsala adziwe mbali imene uli. Zenera linayera mpaka mtengo wa mapapaya unaoneka ngati uli m'nyumba momwemo. Iye analibwerezabe, akuti waona banga pakona.

"Palibe banga pamenepo," anatero a Vincent. "Bwera kugalasi."

Sopo wa miyezi yonse ija sanachoke msanga. Anasintha madzi, kutsukanso, kenako pepala linayamba kulira pagalasipo. Atamaliza anaimabe kutsogolo kwake, akupotokola nsalu youma kale.

"Tasuntha."

Anasuntha. A Vincent anadziyang'ana nthawi yaitali. Anagwira tsaya, anatsitsa kolala ya malaya nkuona mafupa a m'khosi, anayasamula nkuyang'ana lilime. Easter maso anali pabeseni.

"Anthu akamabwera kudzandizonda amaona zimenezi?"

"Eya."

"Abambo a mpingo aja anabwera Lachinayi, ine nkumawauza kuti ndikupezako bwino?"

"Eya, achimwene."

"Bwanji osandiuza?"

"Ndakhala ndikukuuzani za ku Nguludi."

"Zimenezo nzina."

Easter ankadikira kuti alira kapena amukalipira. Koma iwo anangopempha lezala ndi sopo. Anameta pang'onopang'ono, akupumira, iye atawagwirira beseni. Anadzicheka pachibwano, sanasamale. Atatha anapukuta nkhope ndi chitenje chija.

"Upite kwa aneba athu a Gregorio ukabwereke njinga, yawo ija ili ndi kaliyala wabwino. Alamu akandiperekeze mawa."

M'mawa mwake a Edwin, amuna a Easter, anakweza a Vincent panjinga atawamangirira pilo, nkumaikankha, Easter akuwachirikiza kumbuyo. Kuchipatala anawapeza ndi TB, ndipo atayeza magazi anawapezanso ndi kachilombo. Easter analira panja pa wodi. A Vincent anangofunsa namwino kuti mankhwala ayamba liti.

Sizinayende mophweka. Anagonekedwa kwa nthawi ndithu, ndipo mapilitsi otalikitsa moyo atayamba kumwa ankawachititsa chizungulire ndi nseru. Koma pofika nyengo ya nandolo ankadzuka okha kukakhala pakhonde, ndipo chaka chotsatira ankapita ndi a Edwin kukagulitsa tomato ku Namadzi. Mwezi ndi mwezi Easter ankawaperekeza kukatenga mankhwala, mpaka tsiku lina anamubweza panjira, ati njira akuidziwa, iye akapalire chimanga udzu usanachimize.