Waya wa pa Ngalande

Mwini chigayo analakwira mlamu wake, amene anthu ankamutcha Nsapato, m'mwezi wa Febuluwale, chaka chachisanu ndi chinayi chimangireni damu lake. Anamulakwira koyamba ndi madzi, kenako ndi pakamwa.

Damulo silinali lalikulu. Khoma lake linali la dothi lokhalokha, lalitali ngati bwalo la mpira. Kumapeto kwa khomalo, tsidya linalo, kunali ngalande yotakata yotayira madzi damu likadzaza. Kumunsi kwa khoma kunali dimba la Nsapato: mizere itatu ya nthochi, nzimbe, anyezi, ndi dothi lakuda lomwe analilera zaka makumi awiri ndi manyowa otuta pa wilibala. Dimbalo linalipo damu lisanabwere. Mkazi wa Nsapato anali mlongo wake wa mwini chigayo, choncho panalibe cholemba. Anagwirizana pakamwa kuti Nsapato azisamala khoma, ndipo azithirira mbewu zake ndi madzi ochucha m'tsinde mwake.

Dzina lakelo linachokera pa ntchito imeneyi. M'mawa uliwonse ankavula nsapato, n'kuzikoleka m'khosi, n'kuyenda kuseri kwa khoma wopanda kanthu kuphazi, chifukwa phazi limamva chinyezi maso asanachione. Ankazula timitengo tisanazike mizu, ankakumba chiswe, ankatseka mauna a mbewa ndi dongo, ankathamangitsa ng'ombe. M'tsinde mwa khoma anakumba kangalande kosaya, kongolandira madzi otuluka okha. Ankawatunga m'botolo n'kuwayang'ana padzuwa. Akakhala oyera ndiye kuti khoma lili bwino. Akakhala ndi matope ndiye kuti khoma likudyeka m'kati. Zaka zonsezo madziwo anali oyera.

Ndiye mwini chigayo anamva kwinakwake kuti nsomba zimalemeretsa. Anabwera ndi tiana ta nsomba m'migolo ya pulasitiki, natithira m'damu. Mvula itayandikira anayamba kuda nkhawa kuti damu likadzaza nsombazo zidzathawira m'ngalande, ndipo anatchinga pakamwa pa ngalandeyo ndi waya wa khola la nkhuku.

"Alamu, wayayu atipha," anatero Nsapato.

"Waya wa nkhuku aphe munthu? Kapena mwayamba kuikira mazira, alamu?"

"Ngalande imeneyi ndi khomo la madzi. Satseka."

"Ndani watseka? Simukuwaona mabowowa? Madzi adutsa."

"Madzi sabwera okha. Amabwera ndi mapesi, udzu, nthambi, chilichonse chimene anthu a kumtunda ataya."

"Ndiye muzichotsa. Nanga mumadzukira chiyani m'mawa?"

Nsapato anachotsadi. Mwezi wonse wa Disembala, mvula ikagwa, ankalowa m'madzi ofika m'chiuno n'kumakanganula zinyalala pa waya ndi manja. Koma tsiku lina mu Januwale zinyalala zinabwera zambiri kuposa manja ake awiri. Waya anasanduka mphasa. Madzi anakwera mpaka kutsala chikhatho chimodzi kuti afike pamwamba pa khoma. Nsapato anatenga chikwanje, nadula waya pakati, ndipo madzi anapita ndi nsomba zomwe. Akazi a kumunsi anazitola m'mabeseni mpaka madzulo.

Mwini chigayo anafika m'mawa mwake ali mbuu ndi fumbi la kuchigayo, nayang'ana waya wodukayo nthawi yaitali.

"Mwadyetsa dera lonse ndi nsomba zanga."

"Ndapulumutsa khoma lanu."

"Khoma lili chiimire zaka zisanu ndi zinayi. Silinayambe lapempha chikwanje chanu. Kuyambira lero phazi lanu lisapondenso pamenepa, lovala kapena losavala."

Mlungu womwewo amisiri anazika zitsulo zisanu ndi chimodzi m'simenti pakamwa pa ngalande paja, namangirira waya wokhuthala wa mpanda, woti chikwanje sichingamudule. Wochotsa zinyalala sanaikepo.

Nsapato anatuma mkazi wake kuti akalankhule ndi mlongo wake. Mkaziyo anapita atavala bwino, nakhala pa benchi la kuchigayo mpaka injini itazima.

"Achimwene, amuna anga sakugona. Akuti madzi akadzaza alibe kolowera."

"Achemwali, amuna anuwo sukulu anasiyira sitandade folo. Damu ili anajambula ndi munthu wa mapepala. Pitani mukawauze azilima anyezi."

Mkaziyo atabwerako, Nsapato anamufunsa kuti achimwene ake ati chiyani.

"Akuti mupereke moni kwa ana," anatero mkaziyo, nalowa m'nyumba.

Nthochi sizisamuka ngati mbuzi. Nsapato anazula anyezi asanakhwime, nadula nzimbe zimene zikanatheka kudula. Zotsalazo anazisiya. Ankakhala pansi pa mtengo wa mango pamtunda n'kumayang'ana khoma lomwe sankaloledwa kuliponda.

Zinachitika Lachinayi masana. Pamalopo pankangowaza, koma kumapiri mvula inali itagwa kuyambira m'bandakucha. Pofika nthawi ya chakudya waya anali atatsekeka kale, ndipo m'ngalande munkangodutsa madzi oti n'kutsukira mbale. Madzi anayamba kudumpha pakati pa khoma, opyapyala ngati nsalu yoyanika pa udzu. Kenako anadula kampata kokwana khasu. Kampatako kanakula mpaka kukwana ngolo, ndipo dothi linayamba kugwa zibuma zibuma. Nsapato anaima pamtunda, manja kumbuyo, nawona nthochi zake zikugona mzere ndi mzere. Pofika folo koloko m'damu munali matope okhaokha ndi nsomba zophiriphitha.

Munthu sanafe. Inafa mbuzi imodzi ya mphunzitsi, ndipo mlatho wa mitengo unapita. Dimba la Nsapato linakwiririka ndi mchenga ndi miyala, pena kufika m'mawondo, pena m'chiuno.

Kutacha, amisiri aja anabwera ndi macheka. Anamasula waya, nadula zitsulo zonse zisanu ndi chimodzi pansi penipeni, nakweza zonse pa ngolo. Nsapato anawaona. Anawaona ndi anthu enanso, koma onsewo amagayitsa ku chigayo chimodzi.

Patapita masiku asanu kunabwera woyendera madamu wochokera ku ofesi, pa galimoto yoyera, ndi kope ndi nsapato zonyezimira. Mwini chigayo anamulandira pamsewu. Sanapite naye ku ngalande yotayira madzi ija, chifukwa kuti munthu akafike kumeneko anayenera kuwoloka matope a pogumukapo. Anapita naye kumunsi, kumbali youma, kumene kachigawo ka kangalande ka Nsapato kanatsala.

"Onani nokha, bwana. Mlamu wanga wakhala akukumba m'tsinde mwa khoma kuti azipeza madzi a dimba lake. Ine poti ndi wachibale ndinkangoyang'ana."

Woyendera uja anaitana Nsapato.

"Madala, munakumba ngalande iyi ndinu?"

"Ndine. Koma ndi yosaya, siifika ndi m'kakolo momwe. Imangolandira madzi otuluka okha, ndipo anali oyera."

"Ndafunsa ngati munakumba ndinu."

"Ndayankha. Tsopano tiyeni tsidya mukaone chimene chagwetsa khoma. Panali waya pa ngalande yotayira madzi. Zitsa za zitsulo zikadali m'simenti."

Woyenderayo anayang'ana matopewo, nayang'ana wotchi.

"Tsidyalo ndaliona kale pa mapu. Ngalande yake ndi yokwanira bwino."

"Pa mapu palibe waya."

"Waya wanji?" anatero mwini chigayo. "Uja munadula ndi chikwanje mu Januwale, alamu? Funsani aliyense, bwana, akuuzani kuti anadya nsomba zanga tsiku limenelo."

Anthu amene anaima pafupi anaseka, chifukwa zinali zoona kuti anadya.

Mkazi wa Nsapato anali chapoteropo, atanyamula fosholo. Woyendera uja anamulozera ndi cholembera.

"Mayi, inu munamuona waya wachiwiri amene akunena madalawa?"

Mkaziyo anayang'ana mlongo wake, nayang'ana mwamuna wake, nayang'ana pansi.

"Ine za damu sindizidziwa, bambo. Ndine wa pakhomo."

Woyenderayo analemba mizere itatu, natseka kope. Pochoka, mwini chigayo anamuperekeza mpaka pa galimoto.

Kunyumba Nsapato sanafunse kanthu. Mkaziyo anayamba yekha, akusenda anyezi osakhwima aja.

"Mukanafuna nditani, abambo? Ndi mimba imodzi ine ndi iwo aja."

"Sindinanene kanthu."

"N'chimene ndikunena. Bola mukanatukwana."

Mvula itatha Nsapato anayamba kuchotsa mchenga ndi fosholo. Anakumba pakona pamene panali anyezi, ndipo dothi lakuda analipeza pansi, pakuya kwa mkono wonse, likadali ndi fungo lake. Pa milungu isanu ndi umodzi iye ndi mkazi wake anatsegula malo okwana chipinda chimodzi. Msana unayamba kukana, koma anapitiriza, wilibala makumi awiri patsiku.

Kalata ya ku ofesi inafika mu Meyi, ndipo mwini chigayo anaikhoma pa chitseko cha chigayo kuti aliyense wobwera kudzagayitsa aiwerenge. Inati damu linagumuka chifukwa cha kukumba m'tsinde mwa khoma. Inatinso, pofuna chitetezo cha anthu, pasapezeke wolima kapena wokumba pa mtunda wa mamita makumi atatu kuchokera pakhoma. Amisiri anabwera ndi chingwe, nayeza, nazika mpanda. Mamita makumi atatuwo anatenga dimba lonse, kupatula ngodya ya miyala kumene Nsapato ankasiya wilibala.

Khoma latsopano linatha mu Okutobala, lalitali ndi mkono umodzi kuposa lakale. Dimba la Nsapato likadali pansi pa mchenga, kuseri kwa mpanda, ndipo kalata ya pachitseko ikunenabe kuti anagwetsa damu ndi iye.